Amene Anayankha Naini

Mwamva kale, ndikudziwa. Akuti mlamu wanga amauluka. Ena afika ponena kuti anamuona ndi maso awo akudutsa pamwamba pa mitengo, nsapato zili m'manja, chonsecho ndi anthu oti phiri amangolionera pawindo la minibasi. Koma ndisaname, inenso kwa milungu itatu ndinkakhulupirira theka. Theka linalo ndinkati ayi, munthu woti masitepe atatu a kuchipatala amakwera mopumira, angauluke bwanji? Ine ndinali komweko. Khalani pansi ndikuuzeni, poti pakamwa panga mumapadziwa.

Gulu lathu anayambitsa ndi Anesi a pachipatala chathu. Anatiyeza tsiku lina n'kupeza kuti uyu bipi, uyu shuga, ine mawondo. Anati mankhwala ake ndi kuyenda. Tinayamba ndi kuzungulira bwalo la mpira Loweruka m'mawa, amuna a pamalo ometera akutiseka kuti taonani matumba a simenti amera miyendo. Kenako timapiri ta kuseri kwa tauni. Kenako kumathithi. Tinakapalasako njinga m'nkhalango, ine n'kugwera m'matope miyendo m'mwamba, ndipo chithunzi chake chikadali m'mafoni mwa adani anga. Chaka chisanathe tinali ndi masikipa ofanana, ndipo otiseka aja anayamba kubweza mimba tikamadutsa.

Wotsogolera anali Aphunzitsi, mayi wopuma pantchito amene ankaphunzitsa masewera. Wenzulo sichoka m'khosi mwawo, ndi ku ukwati komwe amapita nayo. Malamulo awo anali atatu. Aliyense ali ndi nambala, wenzulo ikalira uyankhe yako. Popuma usiku tochi zizimitsidwe kuti mabatire asathe, ndipo usamuunike mnzako kumaso. Lachitatu ndi limene tonse tinkaliopa: wopezeka watsalira abwerere, ndipo asapitenso ulendo wina mpaka atalimba. Kumapeto kwa mzere nthawi zonse kunkakhala Anesi, poti ndi amphamvu ndiponso ali ndi diso.

Mlamu wanga analowa gulu mochedwa. Ndi mkazi wa achimwene anga, wofatsa, wathupi lake, ndipo ali ndi sukulu yamkaka m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo. Ana makumi awiri, timipando tapulasitiki, zilembo zodula pamakatoni. Sukulu imeneyo ndiye moyo wake. Atamva za ulendo wa kuphiri lalikulu, analonjeza tiana take kuti adzatibweretsera chithunzi cha dzuwa likutuluka pansi pa mapazi ake. Achimwene anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi, koma anamubwereka majombo awo a kuntchito, aakulu ngati mabwato.

Ulendo wake unali wotere: kukwera masana mpaka pakanyumba ka matabwa ka pakati pa phiri, kugona pang'ono, kudzuka thuu koloko, kukafika pansonga dzuwa lisanatuluke. Tsiku lonyamuka, Anesi anaimba foni kuti awaitana kuntchito ya usiku. Tinatsala anthu naini.

Madzulo ake anali okoma. Tinafika pakanyumba, tinawiritsa tiyi, tinayatsa kandulo. Mabedi anali a matabwa, osanjikizana. Chipinda chonse chinanunkha mankhwala opaka mawondo. Ine ndinawafotokozera za mkazi wa mwini hadiweya ndi makaniko uja, mpaka Amake Mapasa anagwa pabedi ndi kuseka. Mlonda wa pamenepo, bambo wosalankhulalankhula, anangotiuza kuti njira ndi imodzi, titsate miyala yopakidwa penti yoyera. Kumanja kuli khoma la thanthwe, kumanzere kuli phompho.

Apa ndiye Aphunzitsi anagawa manambala. Iwo wani. Ine seveni. Wasaluni, amene amatiluka tsitsi tonsefe, eyiti. Mlamu naini, kumapeto, pamalo pa Anesi. Anati woyenda pang'onopang'ono akhale m'mbuyo kuti asatsekereze anzake. Tonse tinaona kuti ndi nzeru. Ine ndinawonjezeranso nthabwala, kuti fisi akabwera ayambire kumene kuli nyama yambiri. Mlamu anaseka nafe. Ndikakumbukira nthabwala imeneyo ndimafuna kudziluma lilime.

Tinatuluka thuu koloko. Mdima wa ndiwe yani. Mphepo yolowa m'mafupa. Aliyense tochi yake yaloza pansi, maso pa zidendene za mnzake. M'mbuyo ndinkamva majombo a mlamu, khwa, khwa, ndi mpweya wake, wefuwefu. Zinkandilimbitsa mtima. Ndinkati bola alipo wina wovutika kuposa ine.

Tinapuma koyamba pamtsinje. Madzi ankasokosera kwambiri, moti polankhula unkachita kukuwa. Tinazimitsa tochi. Tinamwa madzi. Wenzulo inalira. Wani, thuu, fili, mpaka kwa ine. Seveni. Eyiti. Panadutsa kamphindi.

"Naini."

Tinawoloka, n'kumapita.

Njira inayamba kuimirira. Tinasiya nthabwala. Mawondo anga ankalira ngati chitseko chakale. Patapita nthawi ndinazindikira kuti m'mbuyo muli zii. Majombo aja sakumveka. Wefuwefu uja palibe. Ndinati mwina mphepo ikupititsa phokoso kwina.

Tinapuma kachiwiri pansi pa miyala ikuluikulu. Tochi zima. Wenzulo. Seveni. Eyiti.

"Naini."

Anayankha msanga, Wasaluni asanatseke n'pakamwa pomwe. Mawu a mkazi, otsika, opanda befu. Ine ndinaponya mawu m'mbuyo kuti alamu, mwayamba liti kulimba chonchi, kapena majombo a amuna anu ali ndi injini? Palibe anaseka. Palibe anayankha. Ndinati wakwiya ndi za fisi zija. Mphepo inabweretsa kafungo ka utsi wonyowa, ngati moto wozimitsidwa ndi mvula. Pamwamba ngati pamenepo, moto ausonkhe ndani?

Kenako tinafika pamalo opapatiza. Aphunzitsi anatulutsa chingwe chachitali, aliyense agwire ndi dzanja lamanzere, lamanja likhale pathanthwe. Anati asapezeke woyang'ana m'mbali. Tinayenda chammbali ngati nkhanu. Kamwala kakagwa, sitinkamva pofikira pake. Ine ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ndi a pachakudya omwe.

Chingwe m'mbuyo mwanga chinali chokungika. Wina ankachikoka pang'onopang'ono, mofanana, osagwedeza. Pakati pa njirayo ndinamva Wasaluni akukoka mpweya mwamphamvu, ngati waponda munga. Kenako anandikakamira kumsana. Ndinamva mano ake akugundana pafupi ndi khutu langa. Ndinamuuza kuti asandikankhe, ndili ndi ana. Anangowonjezera kundikakamira.

Titadutsa, wenzulo inalira. Seveni. Eyiti ya Wasaluni inatuluka ngati ya mwana wodwala.

"Naini."

Ulendo uno mawuwo anali pafupi. Pafupi kwambiri. Chala changa chinali pa batani la tochi, koma ndinakumbukira ukali wa Aphunzitsi. Taonani uchitsiru wake. Mayi wamkulu, wa zidzukulu ziwiri, kuopa kukalipiridwa.

Kachinayi tinawerengana pansi pa nsonga, kum'mawa kutayamba kuyera pang'ono. Nkhungu inali itatikuta, moti mnzako wa kutsogolo unkangomuona ngati chithunzithunzi. Naini anayankhanso. Koma tsopano anamveka patali, ngati munthu amene waima, ife tikupitirira.

Tinakwera miyala yomaliza chokwawa. Aphunzitsi anali oyamba kutulukira pamwamba. Anangoima chilili. Wachiwiri anawagunda kumsana, wachitatu chimodzimodzi, mpaka tonse tinaunjikana ngati mbuzi pakhomo la khola.

Pansonga pali chipilala cha simenti. Patsinde pake panali patakhala munthu. Wafunda sikipa ya gulu lathu kumutu, majombo ali pamiyendo, kumapazi kuli masokosi okha.

Mlamu.

Ndinacheuka. M'mbuyo mwanga munali Wasaluni, wagwira pakamwa. M'mbuyo mwa Wasaluni munali nkhungu basi.

Mlamu anatiyang'ana mmodzimmodzi, maso ali otupa ndi kulira.

"Munandisiya," anatero. "Nonsenu. Ndi inu nomwe, alamu."

Aphunzitsi anati zimenezo sizingatheke, tawerengana kanayi ndipo kanayi konse wayankha. Tonse tinavomereza. Tinamumva ndi makutu athu. Mlamu anati iye sanayankhe olo kamodzi. Anati pamtsinje paja m'mimba munamutembenuka, anamunong'oneza Wasaluni kuti akubwera, n'kupita kuseri kwa mwala. Madzi ankasokosera, wenzulo sanaimve. Pobwerera anapeza tapita. Anakuwa mpaka mawu kusasa. Tochi yake inagwera m'madzi. Majombo anali atamutulutsa matuza, ndiye anawavula, n'kukhala pansi kumalira.

Kenako, akuti, wina anatsokomola patsogolo pake. Mkazi, wopanda tochi. Anamupatsa nsonga ya mpango kuti agwire. Mlamu anaganiza kuti ndi Anesi, kuti mwina aweruka msanga n'kutitsatira. Anagwira. Anayenda. Akuti njira yake inali yosavuta, ya udzu wofewa, yopanda phompho. Nkhope sanaione. Atafika pachipilala mkaziyo anamuuza kuti akhale pansi, anzake akubwera. Atatukula mutu, analipo yekha.

Aphunzitsi anafunsa Wasaluni ngati zoti ananong'onezedwa zili zoona. Wasaluni anayang'ana pansi n'kunena kuti iye sanamve kanthu.

Dzuwa linatuluka, lokongola ngati la pakalendala, mitambo ili pansi pathu. Palibe anajambula. Tinatsika mwakachetechete, wina aliyense akusuzumira m'mbali kufuna njira ya udzu ija. Kunalibe. Thanthwe kuno, phompho uko. Masokosi a mlamu anali ouma, opanda ndi chisoso chomwe. Pakanyumba paja mlonda anatiwerenga ndi chala, kawiri, n'kulowa m'kati kutseka chitseko. Titafika pamene foni imagwira tinaimbira Anesi. Anali akungoweruka kumene. Usiku wonse anali m'chipinda cha amayi oyembekezera.

Tsono apa ndivomere tchimo langa. Ine ndinauza anthu awiri okha, wogulitsa tomato ndi mkazi wa telala, ndipo ndinawalumbiritsa. Pofika Lachiwiri nkhani inali itamera mapiko kuposa mlamu mwini wake. Akuti anali m'mbuyo, kenako anali kutsogolo, ndipo njira ndi imodzi. Munthu wotero mumamutcha chiyani? Lachitatu ana asanu sanabwere kusukulu. Mlungu wotsatira anatsala khumi. Kenako sikisi, ndipo awiri mwa iwo anali a m'nyumba momwemo. Mayi wina anabwera kudzatenga kapu ndi kabulangete ka mwana wake, anakana kulowa, anati amuponyere pawindo. Pagulu lathu la pafoni anamuchotsa usiku, mopanda mawu. Achimwene anasiya nthabwala zawo, n'kuyamba kugona nyali ili chiyakire.

Ndinapitako tsiku lina masana. Ndinamupeza akupukuta timipando topanda anthu, kamodzikamodzi, n'kumatisanja pamzere. Anandipatsa moni bwinobwino, anandithirira tiyi. Sanandifunse kuti ndinauza ndani. Bola akanandituka. Tiyi ameneyo ndinamumwa ngati mankhwala, koma ndikuuzeni zoona, pochoka ndinayang'anabe kumapazi kwake.

Nayenso Wasaluni sanali bwino. Anaonda. Anawotcha khutu la kasitomala ndi chowongolera tsitsi, wina anamuluka mizere yokhota ngati njira ya woledzera. Madzulo ankatseka dzuwa lisanalowe, munthu amene kale ankagwira ntchito mpaka naini koloko. Ine ndinkati ndi za mwamuna, ndipo ndinali nditayamba kale kufufuza kuti ndi wa ndani.

Loweruka lachitatu ndinapita kukakonzetsa tsitsi. Anandipaka mankhwala, anandikulunga, anandilowetsa mutu m'chipewa chowumitsira chija. Chimalira ngati ndege, ndipo ine chimandigoneka. Ndili m'menemo analowa mlamu. Ndinamva pambuyo pake kuti Wasaluni ndiye anamuitanitsa, ati adzamuluke ulere. Anakhala pampando wa pagalasi. Wasaluni anayamba kumupesa. Munalibe wina, atatu tokha.

Kenako magetsi anazima. Chipewa chinangoti zii. Ine maso ndinali nditatseka kale, ndiye ndinangowasiya chomwecho, n'kuwonjezera kamkonono pang'ono. Musandiweruze. Inunso mukanatero.

Ndinamva chipeso chikuikidwa patebulo.

"Asisi," anatero Wasaluni, "pamtsinje paja ndinakumvani. Naini ndinayankha ndine."

Wasaluni anapitiriza. Anati wenzulo italira anaona kuti mlamu sanabwerere, ndipo anadziwa kuti Aphunzitsi akazindikira amubweza kukanyumba, ulendo n'kuthera pomwepo. Anakumbukira za chithunzi cha tiana tija. Ndiye anangotsitsa mawu n'kuyankha, poganiza kuti ndi kamphindi chabe, atipeza tisanawoloke. Ankafuna kumuthandiza.

"Kangati?" anafunsa mlamu.

"Kamodzi. Pamtsinje pokha."

Anati pamiyala paja, naini itamveka, mtima wake unakhala pansi, anati asisi atipeza. Koma pachingwe anatambasula dzanja m'mbuyo kuti amuthandize kudutsa pamwala woterera. Dzanja linabwera, linamugwira.

"Silinali lanu. Manja anu ndimawadziwa, zikhadabo zanu ndimazipaka ndine. Lija linali lowonda, lozizira ngati mwala wa mumtsinje. Pamenepo ndinadziwa kuti takusiyani. Ndikanakuwa. Ndikanawauza Aphunzitsi kuti tibwerere. Koma chinali m'mbuyo mwangamu, asisi, chikupumira m'khosi mwanga. Ndinaopa. Pansonga ndinaopanso. Kenako ana anayamba kuchoka, ndipo tsiku lililonse kunena kunkalemera kuposa dzulo lake."

Analira ngati mwana. Ine pansi pa chipewa mkonono unandithawa, ndinachita kuukumbukira. Ndinkadikira mbama. Ndinatsegula diso limodzi pang'ono. Ndinaona mlamu, tsitsi theka lopesa theka losapesa, atamugwira Wasaluni dzanja, akumusisita ngati mmene amachitira ndi tiana take tikagwa.

Wasaluni anapukuta misozi n'kunena kuti mawa apita kwa Aphunzitsi ndi kwa makolo onse, khomo ndi khomo. Akanena kuti anayankha ndi iye kanayi konse, kuti anthu asakhale ndi chotolera. Za njira, anthu aziti mlamu anakumana ndi mayi wotola nkhuni wodziwa tinjira tachidule. Kenako anakweza mawu pang'ono n'kunena kuti ndipo amene akunamizira kugona m'chipewamo athandize kufalitsa, poti ntchito imeneyo amaitha.

Ndinaithadi. Sindinagwirepo ntchito ndi mtima wonse ngati imeneyo. Ndinayambira kwa wa tomato ndi mkazi wa telala, osawalumbiritsa. Pofika Lolemba madzulo tauni yonse inkadziwa kuti mlamu anasiyidwa paphiri ndi anzake, ndipo wolakwa ndi Wasaluni ndi malamulo a Aphunzitsi. Wasaluni anataya makasitomala angapo, sanadandaule. Aphunzitsi anapita okha kukapepesa, wenzulo ataisiya kunyumba, ndipo tsopano powerengana timaunikana kumaso mpaka misozi. Ana abwerera folotini. Mayi wa pawindo uja anabweretsa wake ndi nkhope youma, ati anali kumudzi. Alipo ena akunenabe zouluka, koma amenewo ngakhale mutawaonetsa chiyani.

Chatsala ndi chimodzi, chimene sindinauze wa tomato, ngakhale achimwene. Ndachisunga miyezi iwiri, ndipo chibadwire sindinasungepo nkhani nthawi yaitali chonchi. Tsiku lomwelo musaluni, magetsi asanayake, Wasaluni atayambanso kupesa, mlamu naye anaulula zake. Analankhula motsitsa, akuyang'ana pagalasi.

Anati pansonga paja sananene zonse. Ali m'njira ya udzu ija, atagwira mpango, mayi uja anamufunsa kuti pagulu lanu mumawerengana bwanji. Mlamu anafotokoza. Anamufunsa nambala yake. Anamuuza.

"Ndiye anati, 'Ndibwerekeniko. Anzanga ine anapita osandiwerenga.' Anapempha mwaulemu, asisi, ngati munthu wopempha mchere. Ndinamumvera chisoni. Ndinati tengani."

Chipeso chinaima m'mutu.

"Anabweza?" anafunsa Wasaluni.

"Anati adzabwera nayo yekha akathana nayo. Anafunsa kumene ndimakhala."

"Simunamuuze."

Mlamu anapotokola nsonga ya thaulo limene linali m'khosi mwake.

"Munthu anandipulumutsa," anatero. "Ndinamulongosolera bwinobwino, mpaka mtundu wa geti."